Momwe mungalongedzere zachithandizo choyamba m'chikwama chothawa nacho pangozi

Ambiri tikamva pa wailesi kuti konzekerani mvula yamphamvu, chomwe timachita ndi kutenga Panado awiri atatu, kabandeji kotsala pomwe mwana anadzicheka chaka chatha, n'kuponya m'jumbo, jumboyo n'kuikoloweka pamsomali kuchipinda basi tamaliza. Tsiku loti madzi alowa m'nyumba usiku magetsi atazima, jumbo ija siikumbukika, ikakumbukika mapilitsi asanduka phala, ndipo mankhwala enieni omwe agogo kapena bambo a m'nyumba sangadumphitse tsiku atsala pawindo.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 matope anatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe milatho inakokoloka, ku Chikwawa ndi ku Nsanje misewu inaduka, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala ndipo ambiri anakathera m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi, nthawi yomweyo kolera ali mkati. Ndiye polongedza muziganiza munthu wonyowa, ali mumdima, chipatala sachifikira kwa masiku atatu kapena kuposa. Zonse zili m'munsimu zachokera pa ganizo limenelo.

Zoti musonkhanitse kaye

Zosungiramo: kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ngati zija zotengera chakudya kuntchito, majumbo olimba osabooka, timabotolo touma tokhala ndi zivindikiro, ndi chikwama choberekera kumsana. Chakumsana, osati cham'manja, chifukwa manja adzafunika kunyamula mwana kapena kugwira mtengo powoloka.

Za mabala: gozi (kansalu koyera kophimbira bala) wosatsegula mapaketi angapo, mabandeji okulunga awiri kapena atatu, bandeji yotamuka imodzi, pulasita wa mpukutu ndi timapulasita tating'ono, magolovesi mapeya anayi kapena kuposa, sizasi yaing'ono, kopanira kozulira minga, mapini otsekera, ayodini kabotolo kamodzi, sopo, ndi zitenje ziwiri zochapa bwino.

Za m'mimba ndi madzi: Thanzi ORS mapaketi osachepera khumi ngati banja ndi lalikulu, mapilitsi a zinki, WaterGuard, botolo lopanda kanthu la lita imodzi ndendende, supuni yaing'ono ya tiyi, kapu.

Mankhwala wamba: Panado wa akulu, Panado wa ana, Piriton, ndi choyezera kutentha kwa thupi ngati mungakwanitse.

Mankhwala a munthu aliyense payekha: ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu, a TB, pampu ya mphumu, mapilitsi olera.

Zina zoyenda nazo limodzi: tochi ndi mabatire apadera, wezulo, neti yoteteza udzudzu, mapadi, mabuku a kuchipatala a banja lonse, pepala ndi cholembera.

Musachite mantha ndi kutalika kwa mndandanda, simukuyenera kugula tsiku limodzi. Mwezi uno ORS ndi gozi, mwezi wamawa tochi, bola pofika Novembala mvula ikamayamba zikhale zakwana.

Sitepe 1: Lembani mayina a anthu a m'nyumba mwanu musanagule kanthu

Khalani pansi ndi pepala, dzina lililonse mulembe zaka, matenda omwe ali nawo, mankhwala omwe amamwa ndi nthawi yake, komanso mankhwala omwe thupi lake limadana nawo, pali ena akamwa Bactrim kapena penisilini amatuluka zidzolo thupi lonse ndipo zimenezi dokotala wachilendo kumsasa sangazilote. Nyumba yoti muli khanda, mayi woyembekezera ndi agogo a BP, chikwama chake sichingafanane ndi cha anyamata awiri ochita lendi ku Ndirande.

Chenjezo: osakopera mndandanda wa pa intaneti wa mayiko akunja n'kumavutika kusaka zinthu zomwe kufamase kwanu kulibe. Pepala lanu lija ndiye likuuzeni zogula.

Sitepe 2: Yambani ndi mankhwala omwe munthu amamwa tsiku ndi tsiku

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya, amathamangira mabandeji chifukwa ndi omwe amaoneka ngati zangozi, koma munthu wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi akhoza kugwa pafupi ndi moto kapena m'madzi, wa mphumu atagona m'kalasi yodzadza anthu, yozizira ndi yautsi, popanda pampu usiku umenewo ndi wautali kwambiri. Ma ARV ndi a TB nawonso safuna kudumphitsa.

Patulani mankhwala a sabata imodzi, ngati n'kotheka awiri. Mukapita kukatenga mankhwala auzeni a dokotala kapena a nesi kuti mukufuna kusunga apadera pokonzekera mvula, musangochotsa mwakachetechete kenako n'kupezeka kuti akutherani tsiku lanu lisanakwane. Omwe amalandira ma ARV a miyezi ingapo nthawi imodzi kwa iwo n'kosavuta, botolo limodzi losatsegula likhale m'chikwama, mukalandira ena atsopano mutulutse lakalelo n'kuyamba kumwa, latsopano lilowe m'malo mwake.

Chenjezo loyamba: musasakanize mapilitsi osiyana m'kabotolo kamodzi pofuna kusunga malo. Ambiri ndi oyera, ofanana, ndipo ndi tochi yofooka simungasiyanitse. Asiyeni m'mapaketi momwe anabwerera, ndipo mukamadula kapepala ka mapilitsi musadule mbali yomwe pali dzina ndi deti.

Chenjezo lachiwiri: insulini safuna kutentha, ndiye sangakhale m'chikwama miyezi yonse. M'malo mwake matani kapepala pa chikwama kolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti TENGANI INSULINI, majakisoni ake okha ndi omwe akhale mkati, pamodzi ndi maswiti kapena shuga pang'ono wothandizira shuga wa m'thupi akatsika.

Sitepe 3: Longedzani za madzi ndi kutsegula m'mimba

Ine ndikanauzidwa kuti sankha chinthu chimodzi chokha mwa zonse zogula, ndikanatenga ORS. Madzi akasefukira zimbudzi zimagwa, zitsime ndi mijigo zimalowa zonyansa, ndipo kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu wa kolera amatha madzi m'thupi pa maola ochepa chabe, mwana ndiye msanga kwambiri.

Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, n'chifukwa chake ndati mukhale ndi botolo la lita imodzi ndendende, kuti musamachite zongoyerekeza. Akatha maola 24 otsala tayani, pangani ena. Mapaketi akatha mukhoza kupanga nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Lembani muyezo umenewu papepala n'kumata mkati mwa chivindikiro cha kontena, pa nthawi ya mantha mutu sugwira.

Chenjezo: mchere ukachuluka ndi woopsa makamaka kwa mwana. Lawani, asawawe mchere kuposa misozi.

Zinki ndi wa mwana wotsegula m'mimba, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, wosakwana miyezi 6 theka lake, ndipo mupitirize ngakhale kutsegulako kwasiya. Woyamwa apitirize kuyamwa. Koma mukaona chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, maso alowa mkati, munthu akulephera kumwa, ORS akhale womwetsa muli panjira yopita kwa azaumoyo, osati kukhala pansi kudikira kuti tione mawa.

WaterGuard tsatirani zolembedwa pa botolo, nthawi zambiri ndi kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope asefeni kaye pa chitenje choyera kapena muwasiye akhazikike. Botolo lake likulungeni m'jumbo yakeyake ndipo likhale m'thumba la m'mbali mwa chikwama, likatayikira pa gozi ndi mapilitsi mwaluza zonse.

Sitepe 4: Konzani paketi ya mabala

Mabala a nthawi ya mphepo ndi madzi osefukira amakhala a malata ouluka, misomali, magalasi, njerwa za khoma logwa, ndiye ganizirani magazi ambiri osati kakudzicheka ka mpeni wa tomato. Ikani magolovesi pamwamba penipeni, kenako gozi, kenako bandeji ndi pulasita, motsatana ndi momwe dzanja lidzazifunire. Magolovesi akulungeni peya iliyonse payokha.

Kagwiritsidwe kake mwachidule, kuti mudziwe chifukwa chomwe mwanyamulira: bala likamatuluka magazi ikani gozi kapena nsalu yoyera n'kudinikiza mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira, gozi akanyowa musamuchotse, sanjikizani wina pamwamba. Magazi akasiya tsukani balalo ndi madzi ambiri otetezedwa mpaka matope ndi mchenga zichoke, sopo m'mbali mwake, ayodini pang'ono, kenako phimbani. Ngati chitsulo kapena galasi lalowa mkati kwambiri musazule, tchinjirizani m'mbali ndi nsalu n'kumunyamula munthuyo. Bala lakuya, la msomali wadzimbiri, kapena lomwe laviikidwa m'madzi osefukira likufunika akalione kuchipatala chifukwa cha kafumbata, ngakhale litaoneka ngati lauma.

Chenjezo: thonje musaliike pa bala lenileni, limakakamira ndipo pochotsa mumatsegulanso chilonda. Sipiliti ndi wopukutira sizasi ndi manja, osati kuthira m'bala. Dothi, fodya, mafuta a galimoto, ufa wa m'kapisozi, zonsezi ayi.

Zitenje ziwiri zija musazipeputse. Chimodzi chimakhala chokolekera mkono wothyoka pakhosi, chomangira timatabwa pa mwendo, chodinikizira bala lalikulu, chosefera madzi, chofunditsa munthu amene akunjenjemera, ndipo ziwiri ndi mitengo iwiri mwapanga machira. Zichapeni, zisiteni, zipindeni n'kuzitsekera m'jumbo, ndipo auzeni a m'nyumba kuti izi si zovala kumaliro kapena kuchinkhoswe.

Sitepe 5: Onjezerani mankhwala wamba, koma ochepa

Panado wa munthu wamkulu ndi mapilitsi a 500 mg limodzi kapena awiri, pakadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira 8 pa tsiku. Wa ana umayendera sikelo kapena zaka, ndiye funsani kufamase mulembe muyezo wa mwana aliyense pa pepala lija, ndipo muzisintha akamakula. Aspirin musapatse mwana wosakwana zaka 16, komanso musapatse munthu amene akutaya magazi. Brufen ali bwino pa zotupa koma si wa mayi woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena munthu amene watha madzi m'thupi, ine ndimaona kuti ngati mukukayika bola osamuika n'komwe. Piriton ndi wa kuyabwa ndi kutupa kwa kulumidwa ndi tizilombo, amagonetsa, musampatse munthu woti awoloke mtsinje.

Nanga LA, mankhwala a malungo aja? Kumsasa udzudzu umakhala wambiri zedi, komabe kutentha thupi sikuti nthawi zonse ndi malungo, ayezedwe kaye. Chomwe mungachite inu ndi neti, Panado wotsitsa kutentha, ndi kufulumira kupeza azaumoyo tsiku lomwelo, makamaka kwa mwana ndi mayi woyembekezera. Amoxicillin, Flagyl ndi ena otsala pa matenda akale asalowe m'chikwama, pokhapokha ngati ndi mankhwala omwe a dokotala anakulemberani kuti muzimwa masiku onse.

Sitepe 6: Ngati m'nyumba muli woyembekezera kapena khanda

Mimba ikapitirira miyezi isanu ndi iwiri, katundu yense amene kusikelo anakuuzani kuti mukonze, zitenje, pepala lapulasitiki loyala, lezala latsopano losatsegula, ulusi woyera, mapadi, akhale pamodzi ndi chikwamachi. Koma kunena zoona, ngati mukukhala dera losefukira ngati kuchigwa cha Shire ndipo masiku ayandikira, chanzeru ndi kupita kuchidikiro msewu usanaduke, osadalira chikwama. Khanda likonzereni chipewa, masokosi ndi kabulangete kouma m'jumbo yomanga bwino, kuzizidwa kumapha khanda mwachangu kuposa momwe ambiri timaganizira.

Sitepe 7: Tetezani zonse kumadzi

Gawani katundu m'magulu, gulu lililonse jumbo yake: za mabala, za m'mimba, mankhwala wamba, mankhwala a munthu payekha. Finyani mpweya, mangani, lowetsani mu jumbo yachiwiri moyang'anitsa kukamwa mbali ina, kenako zonse m'kontena. Lembani dzina la gulu pa kapepala n'kukaika mkati mwa jumbo moonekera, zolemba kunja zimafufutika zikanyowa.

Kenako yesani. Musanaikemo mankhwala, ikani pepala louma m'kontenamo, tsekani, imizeni m'beseni la madzi kwa kanthawi, n'kutsegula. Pepala likanyowa ndiye kuti chivindikirocho n'chabodza, pezani ina kapena zungulizani selotepi. Ambiri sitepe imeneyi amaidumpha chifukwa kontena imaoneka yolimba ikakhala youma patebulo.

Mabuku a kuchipatala, makadi a sikelo a ana ndi ziphaso zaunzika zikhale mu jumbo yawoyawo. Jambulaninso masamba ofunika pa foni n'kutumizira m'bale wanu wokhala boma lina pa WhatsApp, foni yanu ikamira zithunzi zikhale zilipo kwinakwake. Manambala a foni alembeni papepala: a HSA (alangizi a zaumoyo) a m'dera lanu, a mfumu kapena a komiti yoona za ngozi m'mudzi, achibale awiri, ndi nambala ya Chipatala cha pa Foni.

Sitepe 8: Sanjani m'chikwama ndipo muchinyamule

Zolemera pansi chakumsana, neti ndi zitenje pakati, kontena ya chithandizo choyamba pamwamba, tochi ndi wezulo m'kathumba ka kunja komwe dzanja lingafike osayang'ana. Mabatire atulutseni mu tochi kapena muike kapepala pakati, akakhalitsa amataya madzi n'kuononga tochiyo.

Mukatero berekani muyende nacho mpaka kumsika n'kubwerera. Ngati mayi wa m'nyumba kapena mwana wamkulu sangathe kuthamanga nacho, chepetsani. Chiikeni pamalo okwera pafupi ndi khomo, posafika dzuwa, kutali ndi mbaula, pomwe ana aang'ono sangafikire koma wamkulu aliyense akhoza kuchipeza ngakhale mumdima. Osati pansi pa bedi, madzi amayambira komweko, osatinso m'sutikesi yokhoma yomwe kiyi wake amayenda ndi bambo.

Sitepe 9: Phunzitsani a m'nyumba, ndipo muziyendera

Tsiku lina madzulo tsegulani chikwama pamkeka, aliyense agwire, aone, ayese kumanga bandeji pa mkono wa mnzake, mwana wa zaka khumi akhoza kuphunzira kusungunula ORS. Wovulala akhoza kukhala inuyo amene munalongedza. Ngati a Malawi Red Cross Society akuphunzitsa za chithandizo choyamba kudera kwanu, kusukulu kapena kuntchito, pitani, maola ochepa amenewo ndi opambana katundu wodula.

Yenderani kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Epulo ikamatha. Onani madeti, onani ngati ORS wauma gwa kapena wasintha mtundu, magolovesi ngati ayamba kumata kapena kung'ambika, pulasita ngati akumatabe. A zanyengo kapena a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) akangolengeza za namondwe, yang'ananinso tsiku lomwelo, tchajani foni ndi pawa banki, dzadzani botolo la madzi akumwa.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kusandutsa chikwama kukhala famase ya tsiku ndi tsiku. Mutu ukawawa Panado wa m'chikwama, mwana akapunthwa pulasita wa m'chikwama, aneba akabwera kudzapempha ORS mumapereka poti ndi anansi, pofika Januwale mwatsala sizasi yokha. Khalani ndi kabokosi kena ka m'nyumba, ndipo chilichonse chotuluka m'chikwama chibwezedwe sabata yomweyo.

Kugula mankhwala oyalidwa padzuwa pamsika kapena ongowerengera m'kapepala opanda dzina ndi deti. Zoti musunge miyezi yambiri gulani kufamase yovomerezeka.

Kunyamula lezala ndi chingwe poganizira njoka. Madzi akasefukira njoka zimathawira kumtunda komwe kuli anthu, ndi zoona, koma kutema pomwe yaluma, kuyamwa ndi pakamwa, kapena kumanga mwendo mothinitsa kumangoonjezera vuto, ena mpaka kudulidwa mwendo. Mugonekeni munthuyo, vulani mphete ndi zibangili, mangirirani mwendowo ku kathabwa kuti usagwedezeke, n'kumunyamula kupita kuchipatala, asayende yekha.

Kupaka Colgate, dzira, mafuta ophikira kapena ufa pomwe munthu wapsa. Kumsasa anthu amaphika mothithikana ndipo ana amapsa ndi phala kapena madzi otentha pafupipafupi. Thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, musaboole matuza, phimbani mosathinitsa ndi gozi kapena pulasitiki yoyera, ndipo ngati papsa pankhope, m'manja, kumaliseche kapena malo aakulu, kuchipatala.

Kuiwala sopo ndi mapadi poti si mankhwala. M'kalasi yogona mabanja ambiri mphere ndi matenda otsegula m'mimba zimayenda mofulumira, ndipo sopo mmodzi woduladula tizidutswa amathandiza anthu ambiri.

Kumwetsa kapena kudyetsa munthu amene wakomoka, kapena kumuika supuni m'kamwa wakhunyu akagwa. Mugonekeni cham'mbali, chotsani zinthu zomwe zingamuvulaze, onetsetsani kuti akupuma.

Kubisa mankhwala chifukwa cha manyazi. Pali ena amasunga ma ARV malo oti ngakhale mkazi kapena mwamuna wawo sadziwa, tsiku lothawa botolo limatsala padenga kapena m'thumba la jekete. Ngati simukufuna kuti ana kapena alendo aone, likulungeni m'sokosi kapena m'kathumba kosaonekera mkati n'kuliika m'chikwamamo, ndipo mukafika kumsasa mankhwala atatayika kapena atanyowa, auzeni azaumoyo tsiku loyamba lomwelo, muwaonetse chithunzi cha buku lanu chomwe munatumizira m'bale uja kuti akupatseni ena.